Kansalu Kofiira Kanatsala pa Chikhomo

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kuja kunali kugona. Ndinali nditatsamira nkhokwe ya azakhali, msana utauma gwa, malaya atanyowa ndi mame. Amuna anzanga anali atagona mozungulira moto umene unali utatsala phulusa lokha. M'nyumba ya maliro amayi anali atatopa ndi nyimbo, ndipo munkangomveka mawu a munthu mmodzi akulira motsitsa, ngati akuopa kuti ena amumva. Mawuwo ndinawazindikira. Anali a Nyachirwa, mayi amene anakhala ndi azakhali m'nyumba imeneyo zaka khumi ndi chimodzi. Ndinkadziwa kuti dzuwa la tsikulo likamalowa mayiyo akhoza kukhala ataphedwa, ndipo ndinkadziwanso kuti m'mudzi monsemo munthu amene akanaletsa zimenezo ndinali ine.

Kwathu ndi kudera la Tembwe, m'chigwa cha Luangwa. Izi zinachitika m'nthawi ya atsamunda, boma la chitaganya litangoyamba kumene, mvula ili kumapeto, nthawi imene chimanga chimakhala chitakhwima ndipo njovu zimayendera minda ngati zinalima nawo.

Azakhali, amene kwathu timati ankhazi, anali mlongo wawo wa atate, ndipo sindinaonenso mkazi wina wonga iwo. Ali mtsikana, njovu inapha amuna awo m'munda. Inawaponda mpaka anthu anakana kuyandikira, ndipo azakhali anapita okha ndi dengu kukatola zimene zinatsala. Maliro atatha anatenga mfuti ya malemuwo, ya gogodera, yodzazira kukamwa. Alenje anaseka, amvekere mfuti yogwiridwa ndi mkazi siingaphe ngakhale nkhanga. Azakhali anailondola njovuyo masiku anayi. Anabwera ndi mchira wake n'kuuponya pakati pa amuna amene ankamwa mowa pansi pa mtengo, ndipo kuyambira pamenepo palibe anasekanso.

Sanakwatiwenso, ndipo mwana analibe. Ankavala kabudula wa khaki amene anamupeza kwa msilikali wina wobwera kunkhondo, ankasuta kaliwo, khutu lakumanja linali litagontha ndi mfuti, phewa litada ngati kunsi kwa mphika. Njovu zikavuta ku Kambombo kapena ku Chikwa anthu ankatuma munthu kudzawatenga. Ankapita wapansi, n'kubwera ndi nyama imene mudzi wonse unkadya. Mukawafunsa kuti apha zingati, ankakuyang'anani kuyambira kumapazi, n'kunena kuti zowerengazo amachita ndi anthu amene aphapo ziwiri. Kutchalitchi ankakhala mbali ya amuna, ndipo akulu a mpingo anawadzudzula mpaka anatopa okha.

Azakhali anawatola a Nyachirwa m'mbali mwa mtsinje tsiku lina akuchokera ku Chikwa. Mayiyo anali atathamangitsidwa kwawo, ana a mkazi mnzake atamwalira motsatizana, anthu n'kunena kuti ndi mfiti. Mutu unali utatemedwa, mapazi atatupa. Azakhali anawabereka kumsana mpaka kunyumba. Sabata isanathe amuna a m'mudzi mwathu anabwera kudzanena kuti mfitiyo ichoke, ndipo mnyamata wina wamphamvu zake anawagwira a Nyachirwa pakhomo n'kuyamba kuwakoka. Azakhali anamugwira mkono, anauika pakamwa pa mtondo, anauthyola ngati nzimbe. Mkonowo unapola wopindika. Mwini wake anakula, anakwatira, anakhala mmodzi wa adzukulu, anthu amene amakumba manda ndi kunyamula maliro, koma sanaiwale. Zaka zonsezo palibe anawakhudzanso a Nyachirwa. Anthu sanasinthe maganizo, kungoti azakhali anali moyo.

Wonga wa mfuti ankapanga ndi a Nyachirwa, pophika dothi la m'khola la mbuzi, kusakaniza ndi makala osinja, n'kuyanika pa lichero. M'nyumbamo munali lamulo limodzi limene aliyense wa pabanja pathu ankalidziwa. Pa chikhomo cha pafupi ndi chitseko pankakhala kansalu kofiira. Mfuti ikadzazidwa, kansaluko kankamangidwa pa mfutiyo. Kakakhala pa chikhomo, ndiye kuti mfuti ilibe kanthu. Gogodera simungaione m'mimba, ndipo ikadzazidwa kawiri imaphulikira mwini wake.

Ine ndinali nditangobwera kumene kuchokera kumigodi, bambo wa ana awiri, wansapato ndi chipewa, wodziona ngati zitsulo zonse za padziko ndikuzidziwa. Nguluwe zinkandithera chimanga. Azakhali atapita ku Kambombo kukaona wodwala, ndinapita kukabwereka mfuti. A Nyachirwa anakana. Ndinawauza kuti munthu wobwera sangandikanize katundu wa ankhazi anga. Ndinaitenga basi. Kumunda ndinaidzaza, wonga wambiri ndithu, n'kugogodera bwinobwino. Nguluwe sizinabwere, kapena zinabwera ine ndili mtulo. M'mawa ndinakaitsamiritsa pakhoma pamene ndinaipeza, a Nyachirwa ali kuchitsime, n'kupita kwathu kukagona. Kansalu kanatsala pa chikhomo, ndipo sindinakaganizire n'komwe.

Tsiku limene azakhali anabwerera, dzuwa likulowa, kumunda kunamveka mfuu yoti njovu zalowa. Anayang'ana pa chikhomo, anadzaza mfuti mofulumira, anathamanga. Ine ndinali pakhonde panga pamene ndinamva kulira kwake. Sikunali kulira kwa mfuti imene tinkaidziwa, ndipo nthawi yomweyo ndinakumbuka za kansalu kaja. Tinawapeza ali chagada m'chimanga, dzanja lamanja palibe, chidutswa cha mpope wa mfuti chitalowa pachifuwa, nkhope itada ndi wonga. Anamwalira kusanache, ali m'manja mwa a Nyachirwa, atalamula okha kuti tonsefe tituluke m'nyumba.

Pamoto wa maliro paja amuna analankhula. Wina anati wonga wa zaka zonsezi sunaphulitsepo mfuti, nanga lero walowa chiyani. Wina anati amene anaupanga ndiye akudziwa. Mkulu wina atafunsa kuti munthu angaphe bwanji amene amamusunga, anamuyankha kuti anayamba kale kwawo, dzanja linazolowera. Ine ndinali pomwepo, ndikusonkhezera moto. Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma wina atandiyang'ana kuti ndivomereze, ndinagwedeza mutu.

Kutacha, amayi anayala mafuwa kuseri kwa nyumba n'kuyatsa moto m'malo angapo. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unangofalikira pabwalo osakwera, ndipo aliyense ankayenda akupukuta m'maso, wolira ndi wosalira chimodzimodzi. Anatsitsa nyama yofutsa imene inali pansanja, ya njovu imene azakhali anapha mwezi wapitawo, n'kuiphika m'miphika ikuluikulu. Ana ankawotcha chimanga chachiwisi m'mbali mwa moto. Anthu anadya nyama ya azakhali pamaliro a azakhali, ndipo ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti adye ndithu, yomaliza ndi imeneyi.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanakwere. Amayi ankayamba kulira akangofika kumayambiriro kwa mudzi, manja kumutu, n'kulunjika m'nyumba. Amuna ankafika atanyowa mpaka m'chiuno chifukwa timitsinje tonse tinali titadzaza. Mphunzitsi wina anafika atanyamula njinga paphewa, matayala atakutidwa ndi matope, ndipo ngakhale panali pamaliro anthu anamufunsa kuti wakwera ndani pakati pa iye ndi njingayo. Kenako panafika alenje, akuluakulu okhaokha, aliyense ndi gogodera yake. Ena anali a midzi ya njira ya ku Kambombo, ndipo anayenda usiku wonse. Anakhala paokha pansi pa mtengo, n'kumapatsirana mpope wong'ambika wa mfuti ya azakhali. Mmodzi wa iwo, mkulu woonda wa imvi, anauyang'anitsitsa nthawi yaitali, anautembenuza, anauika pansi osanena kanthu.

Kunatentha monga kumatenthera m'chigwa mvula ikamabwera. Mpweya sunkayenda, thukuta linkangotsika ngakhale munthu utakhala pamthunzi, ndipo kumadzulo mitambo inayamba kuwunjikana. Pakhomo la nyumba ya maliro panadzaza ntchentche. Amayi anayatsa masamba aawisi pamenepo kuti utsi uchepetse fungo.

Atate anakhala pafupi ndi khomolo, kankhwangwa kawo kali pamaondo. Sanalire. Chaka cha njala, azakhali ndi amene anatisunga ndi nyama, ndipo atate ankawaopa ndi kuwakonda mlongo wawoyo kuposa munthu wina aliyense. Ndinapita, ndinagwada, ndinati, "Adada." Anandiyang'ana ndi maso ofiira, ndipo mawu onse amene ndinali nditawakonza anathawa. Atadikira pang'ono anati, "Ngati ulibe chochita, pita ukadule nsungwi za chithatha." Ndisaname, mtima unakhalako pansi kuti ndapeza pothawira. Ndinapita kumtsinje, ndinasankha nsungwi ziwiri zokhwima, zazitali, zoti adzanyamulirepo mtembo. Ndinazidula ndi chikwanje mopendeketsa, nsonga zake zinatsala zakuthwa, ndipo ndinazipereka kwa adzukulu momwemo.

Mtembo anasambitsa a Nyachirwa. Amayi awiri achikulire amene analowa nawo anatuluka msanga. Ndinamva pambuyo pake kuti mkono wodukawo anaukulunga ndi mpango wawo wa kutchalitchi. Atatuluka kukataya madzi, amayi onse anawapatukira, ena akukokera ana kumbuyo. Anali mayi wamng'ono thupi, woyenda choweramira, ndipo anadutsa pakati pa anthu onsewo osayang'ana munthu. Ine ndinayang'ana kumbali, kuopa kuti maso athu angakumane.

Dzuwa lili pamutu adzukulu anabwera kuchokera kumanda, matope mpaka m'tsitsi. Anatulutsa mtembo uli mumphasa n'kuumangirira pa chithatha. Mkulu wa mpingo, bambo wamfupi wa mawu aang'ono, anapemphera, kenako anati, "Abale, maliro awa tipita nawo molunjika. Wakufa safunsidwa. Ndipo lamulo la boma pa nkhani yotchulana ufiti mukulidziwa." Anthu anati ameni. Boma linali ku Lundazi, ulendo wa masiku angapo, kuseri kwa mitsinje yodzaza.

Mkuluyo ankadziwa chimene ankaopa. Kwathu kunali mwambo woti imfa ikakhala yokayikitsa, wachibale amanong'oneza mtembo usananyamulidwe, ndipo ankati chithatha chimakoka onyamula mpaka chikagunde amene wapha. Mpingo unkaletsa, koma aliyense anali ataonapo kapena kumvapo. Atate anaweramira kumutu kwa mphasa ngati akukonza chingwe. Ndinali pafupi, ndinamva. Anati, "Mlongo wanga, ngati pali munthu, usapite chete."

Onyamula anali anayi. Bambo wa mkono wopindika uja anachotsa mnyamata wina amene anali atagwira kale, n'kutenga malo a kumbuyo, nsungwi ili paphewa lake labwino. Ndinaona, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri anaona.

Tinayenda bwinobwino mpaka pa mlambe wa kumapeto kwa mudzi, pamene njira ya kumanda imapatukira. Amuna anali patsogolo, amayi pambuyo, nyimbo ili pakati. Pamenepo chithatha chinaima. Akutsogolo anayesa kuponda, koma chinabwerera m'mbuyo, chinapendekera uku ndi uku, kenako chinazungulira, onyamulawo akudzandira ngati oledzera. Nyimbo inaduka. Wina anakuwa kuti wakana, wakana. Chithatha chinayamba kuthamanga kubwerera m'mudzi.

Mkulu wa mpingo anaima pakati pa njira manja ali m'mwamba. Chinamugunda, anagwa chagada m'matope, anthu akuponda buku lake la nyimbo. Amayi anabalalika akukuwa, ana ali kumsana. Chithatha chinagwetsa mpanda wa udzu, chinadutsa pamene ankaphika, mphika wina unagubuduka n'kuthira msuzi wowira m'miyendo mwa mtsikana wina, amene anagwa akudzigudubuza pansi popanda womuyang'ana. Tonse tinkathamangira pambuyo pake. A Nyachirwa okha sanathawe. Anali kumapeto kwenikweni kwa mzere, okhaokha, asanatuluke n'komwe pabwalo la azakhali. Anaima pamenepo manja ali pamimba, akuyang'ana mphasa imene anaipinda okha m'mawa.

Koyamba chinawagunda pachifuwa, anagwa chokhala. Ine ndinali nditafika pafupi ndi mtondo, mapazi ochepa chabe kuchokera pamene anagwera. Ndinaima pomwepo. Chithatha chinabwerera m'mbuyo. A Nyachirwa anadzuka pang'onopang'ono atagwira pachifuwa. Kachiwiri chinawagunda m'nthiti, ndipo ndinamva kuthyoka ngati kwa nkhuni youma. Ndinadziuza kuti mwina zithera pomwepa, mwina angowathamangitsa ngati kale lija, ine ndidzawalondola ndi chakudya, ndidzawapezera pokhala. Munthu wamantha amaganiza mofulumira kwambiri. Kachitatu anali atagwada, ndipo nsonga ya nsungwi, imene ndinadula ine, inalowa m'diso lawo lakumanzere.

Sanakuwe. Anangoti, "Amama ine," n'kugwira kumaso. Pamenepo anthu anawakhamukira. Amuna anasolola zikuni pamoto. Mayi wina amene m'mawa ankatsogolera nyimbo ananyamula fuwa ndi manja awiri. Wina anawamenya ndi chikuni choyaka pamsana, ndipo ndinamva fungo la nsalu ndi tsitsi zikupsa. Wina anawaponda pakhosi. Ena ankakankhana kuti apeze poponyera.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinangopezeka nditawagwera pamwamba, ndikukuwa kuti lekani, ndine, mfuti ndinadzaza ndine. Poyamba palibe anamva. Zikuni zinatera pamsana panga, china chinandiwotcha pakhosi, fuwa lija linandiphonya mutu n'kundisupula khutu. Ndinakuwabe mpaka mawu anasasa. Kenako ndinamva atate akuti imani, ndipo anthu anaima, akupuma mwawefuwefu. Atate anandidzutsa ndi kolala ya malaya.

"Wati chiyani?"

"Mfuti ndinabwereka ine, adada, ankhazi ali ku Kambombo. Ndinaidzaza, sindinaombe. Ndinaibweza osamanga kansalu."

Bambo wa mkono wopindika analankhula, nsungwi ikadali paphewa. "Wamudyetsa mankhwala uyu. Manje mfiti ikulankhulira m'kamwa mwa mwana wanu. Maliro anena kale." Ena anavomereza, ndipo zikuni zinayambanso kukwera.

Pamenepo mlenje woonda wa imvi uja anadutsa pakati pa anthu, mpope wong'ambika uli m'manja. Anauonetsa kwa atate, akuloza ndi chala. "Onani pamene wang'ambikira. Mfuti yodya kawiri imang'ambika motere. N'naona m'mawa." Wina anamufunsa chifukwa chimene sananene. Mkuluyo anati, "Ndine mlendo pano. Ndipo simunafunse ine, munafunsa wakufa."

Atate anayang'ana a Nyachirwa, amene anali atagona chammbali, magazi akutuluka pakati pa zala. Anawafunsa ngati n'zoona kuti ndinatenga mfuti. A Nyachirwa sanayankhe. Atate anafunsanso, koma mayiyo anangotembenuzira nkhope m'dothi. Atate anamva zimene anafuna kumva m'kukhala chete kumeneko. Anatembenuza kankhwangwa n'kundimenya ndi mpini pakamwa. Ndinagwa, anandidzutsa, anandimenyanso pomwepo. Sindinakweze manja. Ndinalavula mano atatu, ndipo mpaka lero ndimatafunira mbali imodzi. Atakweza kachitatu anali atatembenuzira kuchitsulo, ndipo amene anawagwira mkono ndi mkulu wa mpingo uja, matope thupi lonse, akulendewera pa mkonowo ngati mwana. Atate anatsitsa mkono. Kenako anataya kankhwangwako, anatembenukira kwa adzukulu, anati, "Tiyeni naye kumanda."

Chithatha chinapita. Chinadutsa pa mlambe paja osapendekera ngakhale pang'ono, chinalunjika njira ya kumanda ngati chinali chisanakanepo. Zaka zonsezi anthu akhala akundifunsa ngati ndimakhulupirira kuti mtembo umakoka onyamula. Ine ndimangonena zimene ndinaona. Ndinaona miyendo isanu ndi itatu, ndipo iwiri ya kumbuyo ndinkaidziwa mwini wake. Koma sindingamuweruze kwambiri munthuyo, chifukwa iye ankakhulupirira kuti mayiyo wapha, pamene ine ndinkadziwa kuti sanaphe.

Nyimbo sinayambenso. Tinayenda chete, kumangomveka mapazi m'matope ndi kulira kwa mtsikana wopsa uja, amene amayi ake anali atamutengera kunyumba. Ine ndinali pambuyo penipeni, ndikulavula magazi, ndipo anthu anandisiyira malo ambiri, monga anawasiyira a Nyachirwa m'mawa. Mvula inayamba tisanafike, madontho akuluakulu otentha, kenako inakhuthuka. M'manda munali mutalowa kale madzi, ndipo adzukulu anawakapa ndi zipande asanatsitse mtembo. Mkulu wa mpingo anapemphera popanda buku, mawu ake osamveka ndi mvula. Atate anatenga mpope wong'ambika ndi mtengo wogwirira wa mfutiyo n'kuziika okha pambali pa mphasa. Pamenepo ndi pamene analira, mokweza, atagwada m'matope, ndipo palibe anayerekeza kuwagwira.

Manda atakwiriridwa mvula inaleka, ndipo alenje anandandalika kuti aombe mfuti, monga amachitira mnzawo akapita. Anali atazifunditsa ndi zikopa. Ndinaona chinthu chimodzi chimene sindidzaiwala. Aliyense wa akuluakulu amenewo, anthu ogwira mfuti kuyambira ine ndisanabadwe, anayamba walowetsa chitsulo chogogodera mumpope, n'kuchitulutsa, n'kuyeza ndi zala, asanathire wonga. Palibe anandiyang'ana pochita zimenezo. Mfuti zina zinalira, zina zinakana chifukwa wonga unali utanyowa.

Pobwerera anthu sanakhalitse. Anasamba m'manja pakhomo, ndipo ambiri ananyamuka osadya, ngakhale a kutali. Nyama yotsala inazizirira m'miphika. Mayi wa fuwa uja ndinamuona akuzemba kuseri kwa nkhokwe, nsalu ataifunda kumutu. Atate anatuma mlongo wanga kudzandiuza kuti ndisapondenso pabwalo pawo, ndipo mawu amenewo anakhala momwemo zaka zambiri.

Dzuwa likupendeka ndinapita kunyumba ya azakhali. Pabwalo panali zikuni zozima, mapale a mphika, ndi mpanda uli pansi. Pamene a Nyachirwa anagwera mvula inali itatsuka. Ndinamva kuti amene anawakokera m'nyumba ndi mkazi wa mkulu wa mpingo, amene anawamanga kumaso ndi m'nthiti n'kupita kukaona ana ake. Ndinagwada pakhomo, ndinati, "Amama." Pakamwa panali patatupa, mawu ankatuluka opindika.

"Lowa," anatero. "Wobwera ndine. Iwe ni pakhomo pa ankhazi ako."

Ndinalowa. M'nyumba munali fungo la utsi wa masamba. Pamene pankatsamira mfuti panali khoma lokha, lotuwa, ndi mzere wakuda pamene mpope unkakhudza. A Nyachirwa anali atagona pamphasa ya azakhali, nsalu yomanga kumaso itanyowa, akupuma pang'onopang'ono chifukwa cha nthiti. Ndinakhala pansi. Kenako ndinawafunsa ngati ankadziwa kuti ndine ndinasiya mfuti ili yodzaza.

"N'nadziwa pamene inalira," anatero. "Ankhazi ako atakutulutsani anandifunsa kuti wagwira mfuti ndani. N'nawauza. Anati usanene, mlongo wanga angamuphe mwanayo. N'nalonjeza."

"Akanakuphani."

"Eya."

Ndinafuna kupepesa, koma mawu amene ndinali nawo anali aang'ono kwambiri, ndipo ndinangolira, magazi ndi malovu zikudontha pamalaya. Anandisiya ndilire. Nditamaliza analankhulanso, motsitsa, popanda mkwiyo, akuyang'ana kudenga.

"Ine mawu anga n'nasunga. Koma iwe n'nakuona, unaima apo pa mtondo. Koyamba n'nati, aliyense amaopa. Kachiwiri n'nati, manje akubwera." Anapuma, anagwira nthiti. "Kachitatu sin'nakuonenso."

Patapita kanthawi anapempha madzi, ndipo ndinatunga mumtsuko n'kuwadzutsa mutu kuti amwe. Panja mudzi unali zii, popanda wosinja kapena mwana wosewera, madzi okha akudontha kuchokera padenga. Ndinatseka chitseko kuti mphepo isawapeze, n'kukhala pansi pomwepo, ndikumvetsera kupuma kwawo. Pamwamba pa mutu wanga, pa chikhomo, kansalu kofiira kanali pomwe ndinakasiya.